Mbaula Imene Ndinawasiyira Atate

Inu owerenga, atate anga anamwalira masana, atakhala pampando wawo, atafunda bwinobwino. Tsiku limenelo sanadzuke akudwala, ndipo palibe amene anawamva akukuwa. Chinawapha ndi mbaula ya makala imene ine mwana wawo ndinawaikira pafupi ndi miyendo kuti asamve kuzizira, kenako n'kuwatsekera chitseko. Kwathu kuno palibe amene sakuidziwa nkhaniyi, koma aliyense amaifotokoza mmene akufunira. Ndati ndiifotokoze ndekha mmene inayendera, chifukwa nyengo yozizira yayandikiranso, ndipo mbaula tili nazo tonse m'nyumba zathu.

Ndinabadwira kufupi ndi Fonte Boa. Atate anali katekisita, munthu wofatsa amene anaphunzitsa mapemphero ana a m'midzi yambiri. Amayi atamwalira, atate anakhala okha mpaka pamene anagwa ali kumunda n'kufa ziwalo mbali ya kumanja. Kuyenda ankayenda, koma mokoka mwendo, ndipo mawu ankatuluka movutikira. Nthawi zina malovu ankawadontha osadziwa. Tinabadwa awiri, ine ndi achimwene anga a Domingu amene amasintha ndalama ku Kalomwe. Achimwenewo anati kwawo malo ndi ochepa komanso akazi awo sangathe kusamala wodwala. Choncho atate ndinawatenga ine.

Nthawi imeneyo ndinali pabanja ku Domwe, ndili ndi mwana mmodzi wamkazi, Rozita. Amuna anga amagula batata kwa alimi n'kumatumiza pa kamiyau, galimoto yaikulu ya katundu, ku Tete ndi ku Beira. Malonda anawayendera, moti anamanga nyumba ya njerwa zowotcha, ya malata, mazenera agalasi, pansi pothira simenti. Nyumba yotereyi ndi yokongola, koma mu Junyu simenti ija imaluma mapazi, ndipo m'mawa malata amadontha madzi ngati kwagwa mvula m'kati.

Amuna anga anavomera kuti atate abwere, pakuti kutchalitchi anthu ankawalemekeza ndipo sanafune kuti amveke kuti akana apongozi awo. Koma atate atafika, zinaoneka kuti kuvomera kuja kunali kwa pakamwa. Zipinda ziwiri m'nyumbamo zinali zopanda munthu, koma anati ndi za alendo. Atate anawapatsa kachipinda ka kuseri kamene tinkasungiramo matumba a adubu, feteleza wothira m'munda. Kachipindaka kanamangidwa mopanda zenera poopa akuba, chitseko chake chinali chachitsulo, ndipo makoma anawamata mpaka kumalata kuti makoswe asamalowe. Tinasuntha matumba aja n'kuika bedi ndi mpando. Atate anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti malowo ndi abwino. Mnzawo m'menemo inali nkhuku yanga imene inkakonda kuikira mazira pakona, ndipo atate anapempha kuti tisaithamangitse.

Chaka chomwecho amuna anga anaona fogau yachitsulo yowothera moto kunyumba kwa mnzawo wamalonda ku Ulongwe, ndipo sanagone nazo bwino mpaka atauza wowotcherera zitsulo kuti awapangire yawo. Inali yaikulu, yokhala ndi kachitseko koponyera nkhuni, kabati ka phulusa pansi, ndi shamine yaitali yotulutsa utsi padenga. Tsiku loiika, ine ndinapempha chinthu chimodzi. Khoma la kumbuyo kwa sala, chipinda chochezera, ndi lomwe linali khoma la kachipinda ka atate, ndiye ndinati fogauyo aiike kufupi ndi khoma limenelo kuti njerwa zikafunda, atate nawo azimvako kutentha. Amuna anga anaseka. Anati fogau sanagulire khoma, ndipo anaiimika kutsogolo, pafupi ndi khomo lalikulu, kuti shamine izionekera kumsewu.

Wosamala fogauyo ndinali ine. Ndinkawaza nkhuni za bulugamu n'kuziyanika pansi pa khonde, chifukwa zaziwisi zinkadzaza mwaye mu shamine. M'mawa uliwonse ndinkachotsa phulusa. Moto ukayamba kubweza utsi m'nyumba, ndinkadikira kuti izizire, n'kumangirira chiguduli kunsonga ya nsungwi n'kupukuta m'kati mwa shamine mpaka mwaye wonse utagwa. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti sindinali munthu wosasamala za moto. Utsi ndinkauopa ndipo ndinkaudziwa. Chimene sindinkachidziwa ndi chakuti moto umatha kupha ngakhale palibe utsi.

Amuna anga akachoka, ndinkawatenga atate n'kuwakhazika pafupi ndi fogau. Ankatambasula dzanja lawo labwino lija, kenako n'kunyamula lakufalo ndi kulitembenuza pang'onopang'ono kuti nalo liwothe. Rozita akabwera kusukulu ankakhala pansi n'kumawawerengera zimene waphunzira. Tsiku lina masana amuna anga anatulukira mwadzidzidzi ali ndi alendo amalonda ochokera ku Tete, ndipo anawapeza atate akuwodzera pamenepo.

Sanakalipe. Bwenzi zili bwinoko akanakalipa. Anawalonjera apongozi awo mwaulemu, kenako anayamba kutsegula mazenera onse limodzilimodzi, mphepo n'kumalowa, akuuza alendowo kuti apepese chifukwa m'nyumbamo mukununkha mkodzo. Atate anamva. Anayesa kudzuka mofulumira, ndodo yawo n'kugwa, ndipo amuna anga anaikankha ndi phazi kuti ifike pamene ndinaima ine. Ndinaitola. Tikutuluka, atate anaima pakhomo, natembenuka movutikira.

“Pepani, bambo. Sindidzabwerezanso.”

Anatero munthu amene anali ndi msinkhu wowabereka. Ine sindinanene kanthu, ndipo mpaka lero kukhala chete kumeneko kumandiwawa.

Kuyambira pamenepo amuna anga anaika lamulo. M'mawa ndinkasonkha moto mu fogau n'kudzazamo zikuni zikuluzikulu, iwo n'kukiya sala, makiyi n'kupita nawo, kuti akabwera apeze muli mofunda. Motero moto unkayaka m'chipinda mopanda munthu, kuseri kwa khoma kuli nkhalamba ikunjenjemera. Ndinayesa njira zina. Dzuwa likawala ndinkawatulutsa kuti awothere. Ndinkawotcha njerwa n'kuikulunga m'kapulana, chitenje changa, kuti aziika kumapazi, koma inkazizira msanga. Khitchini yathu inali chisakasa chopanda makoma, ndipo mphepo ndi utsi wa nkhuni zinkawatsokomoletsa. Ndinapempha kuti ndiwasamutsire m'chipinda cha alendo kwa miyezi yozizira yokha. Amuna anga anandiyankha kuti ngati ndikuwamvera chisoni, ndikagone nawo komweko.

Tsiku la tsokalo kunacha ndi nkhungu yoti phiri la Domwe silinkaoneka, mvula yowaza ikugwa, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Tinkakumba batata kudimba, ndipo amuna anga anati ndikayang'anire aganyu chifukwa kamiyau ikubwera madzulo. Nditawapititsira atate phala, ndinawapeza milomo ikunjenjemera, zala zitauma moti supuni inkawapulumuka. Ndinawamwetsa ndekha, n'kuwaveka kazaku, jekete lawo lalikulu, n'kuwafunditsa manta awiri, koma kunjenjemera sikunaleke. Ndinaona kuti sindingawasiye choncho.

Ndinatenga mbaula yathu yophikira n'kuyatsa makala panja. Ndinadikira mpaka onse atafiira, utsi utatheratu, monga mmene tonse tinaphunzitsidwira kuti makala akafiira ndiye kuti alibenso vuto. Ndinailowetsa n'kuiika chapatali ndi manta kuti asapse, patalinso ndi matumba aja. Nkhope ya atate inasintha pomwepo. Anamwetulira ndi mbali yabwino ya pakamwa pawo, nandigwira dzanja.

“Wachita bwino, mwana wanga. Pita, usachedwe, angakukalipire.”

Ndinatuluka n'kukoka chitseko. Nditaona kuti mphepo ikulowabe pansi pa chitsekocho, ndinatenga thumba lopanda kanthu n'kulipanikiza pampata ponsepo. Ndinapita kudimba mtima uli m'malo, ndikudziuza kuti lero lokha atate afundidwa.

Ndinabwerera dzuwa litapendeka pang'ono kuti ndiwapatse chakudya. Nditatsegula chitseko ndinakumana ndi mpweya wofunda, wolemera, wopanda fungo lililonse. Atate anali pampando pomwe paja, mutu utapendekera paphewa, kolona ili m'manja. Ndinayesa agona. Ndinawaitana, n'kuwagwedeza, ndipo m'pamene ndinaona kuti asanza pang'ono pakazaku. Ndili chiweramire choncho, mutu wanga unayamba kuzungulira, miyendo n'kulefuka. Ndinawakokera panja ndi mpando womwe, ndikukuwa, ndipo anthu oyandikana nafe anathamanga. Mayi wina amene analowa kukatenga manta ndi amene anaona kuti nkhuku ija nayo yafa, ili chifungatire mazira ake.

Tinathamangira nawo kuchipatala pa galimoto ya munthu wina wachifundo, koma anali atapita kale. Namwino anandifunsa mmene ndinawasiyira, ndipo nditatchula za mbaula, chitseko ndi thumba, anangoweramitsa mutu. Anandifotokozera kuti makala, ngakhale atafiira bwanji, amatulutsa mpweya woipa umene suoneka ndiponso sununkha. M'nyumba zaudzu zimene tinakuliramo mpweyawo umatulukira kudenga ndi m'ming'alu, koma m'chipinda chomata bwino umangodzazana. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, thupi limalefuka, tulo timamugwira, ndipo sadzukanso. Anati ngakhale munthu wamphamvu amalephera kufika pachitseko, ndiye kuli bwanji wakufa ziwalo. Namwinoyo anandiuza kuti sindine woyamba, chaka chilichonse nyengo yozizira amalandira anthu otere. Ndiye munthu yekhayo amene anandilankhula mwachifundo pa nkhani yonseyi.

Amuna anga atafika kunyumba, asanafunse n'komwe za maliro, analowa m'kachipinda kaja kukaona ngati matumba a adubu sanapse.

Maliro tinakaika kwathu ku Fonte Boa. Amuna anga anagula bokosi labwino kwambiri, nabweretsa chakudya chochuluka, ndipo anthu anawayamikira. Atapatsidwa mpata wolankhula, anati apongozi awo ankawasunga ngati bambo awo owabereka. Anati m'nyumba mwawo muli fogau yabwino imene anagulira nkhalambayo, ndipo sakumvetsa chifukwa chake mkazi wawo anasankha kuitsekera kuseri ndi mbaula iwo ali kuntchito. Analankhula misozi ikutsika. Ine ndinali pakati pa amayi, nditafunda kapulana kumutu, ndipo ndinamva anthu amene anali pambali panga akusuntha pang'onopang'ono.

Achimwene a Domingu, amene sanabwerepo n'kamodzi komwe kudzawaona atate ku Domwe, ndi amene anatola nkhani ya nkhuku. Anauza abale kuti nkhuku siingafe ndi moto umene sunaiwotche, ndiye kuti ndinayamba ndayesera mankhwala pa nkhukuyo ndisanawathirire atate m'phala. Anati ndinatopa ndi kuchapa zofunda. Azakhali athu anandiletsa kuyandikira bokosi, moti nkhope ya atate sindinaione komaliza. Chakudya chimene ndinagwirako anachitaya kudzala anthu akuona. Apolisi anabwera ndithu, anafunsa kuchipatala, ndipo atamva zimene namwino ananena anandisiya. Koma anthu sanandisiye.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinaimirire n'kunena zoona zake, za sala yokiya ndi mazenera aja. Ndinayesa kuwauza azakhali patapita masiku. Anandifunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi thumba pansi pa chitseko anaika ndani.

Titabwerera ku Domwe, amuna anga anandiletsa kukhudza fogau. Anaitanitsa mlongo wawo kuti ndiye aziisonkha ndi kuwaphikira chakudya, ponena kuti mkazi amene wapha bambo ake sangavutike kupha mwamuna. Alendo akabwera, ankandiitana kuti ndiwalonjere, kenako n'kunena akuseka kuti, “Awa musawaonetse kuti mwazizidwa. Akakukondani amakuyatsirani mbaula.” Ena ankaseka nawo, ena ankayang'ana pansi. Kumsika amayi ankandiloza ndi milomo. Kutchalitchi benchi imene ndakhala inkatsala ndi mpata mbali zonse ziwiri.

Zonsezi ndikanapirira. Chimene chinandithyola ndi Rozita. Anzake kusukulu anali atamuuza zambiri, ndipo kunyumba ankamva nthabwala za bambo ake. Tsiku lina ndikumuluka tsitsi pakhonde, anandifunsa osatembenuka.

“Amayi, n'zoona kuti munatseka ndi thumba kuti agogo asatuluke?”

Ndinamufotokozera zonse, pang'onopang'ono, monga mmene namwino anandifotokozera. Anamvetsera, n'kunena kuti wamva. Koma kuyambira tsiku limenelo, ndikalowa m'chipinda chake ankadzuka n'kukaima pafupi ndi khomo. Ndikafuna kumufunditsa ankati sakumva kuzizira, mano akugundana. Inu amene muli ndi ana, ganizirani mwana wanu akukuopani choncho.

Mvula isanayambe, amuna anga anandiuza kuti ndibwerere kwathu chifukwa dzina langa likuwaonongera malonda. Kwawo ndi Angoni ndipo anapereka malowolo, choncho mwana anatsala. Akwathu amene akanandilankhulira ndi omwe aja ankanditcha wakupha. Ndinanyamula zovala zanga n'kukalowa m'nyumba yaudzu ya atate, imene inali itayamba kugwa mbali imodzi. Ndimo mmene ndikukhala mpaka pano. Ndimalima nyemba ndi chimanga pamunda umene atate anagwerapo. Rozita amabwera sukulu akatsekera, ndipo tsopano wakula, wayamba kumvetsa. Amandilola kumugwira dzanja. Koma zaka zimene mwana amafuna mayi ake kwambiri zinadutsa akundiopa, ndipo sizidzabwerera.

Amuna anga aja anakwatira mkazi wina, wamng'ono kwa ine. Ulendo wathawu Rozita anandiuza kuti mayi ake a mkaziyo, amene akudwala miyendo, abwera kudzakhala nawo. Ndinamufunsa kumene akugona. Anayang'ana kumbali, ndipo ndinadziwa kuti ndi m'kachipinda ka kuseri kaja.

Ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, mpaka ku Domwe tsiku la msika, ndipo mkaziyo ndinamupeza akusankha tomato. Ndinamulonjera mwaulemu n'kumupempha kuti tipatuke pang'ono. Ndinamuuza kuti sindinabwerere za banja. Ndinamupempha kuti aumirire kuti abowole zenera m'kachipindako, kapena awasamutse mayi akewo kusanazizire, ndipo zivute zitani asadzalowetsemo makala. Anandimvetsera atapinda manja, kenako anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

“Mayi, nsanje ikupwetekani. Ine amayi anga ndimawakonda, sindingawaphe.”

Ndinamuyankha kuti nanenso atate ndinkawakonda, n'chifukwa chake ndinawayatsira mbaula. Anatola dengu lake n'kumapita. Sindikudziwa ngati mawu anga analowa. Rozita ndamuuza kuti m'mawa uliwonse, asanapite kusukulu, azikasuzumira kuseriko, ndipo akapeza mbaula aitulutse ngakhale amukalipire.

Poti mkaziyo wakana kundimvera, ndikupempha inu owerenga kuti mundimvere. Makala ofiira si makala abwino. Musawasiye m'chipinda chotseka muli munthu, kaya ndi usiku kaya masana, kaya mukuti mungopita pafupi pomwepa. Amene mukumanga nyumba zamalata ndi simenti, dziwani kuti nyumba zimenezi sizipuma ngati zaudzu zija, ndipo zimene makolo athu ankachita osafa nazo, inu zikuphani. Mukafuna kuwotha moto m'nyumba, ukhale moto wokhala ndi shamine yotulutsira kunja, ndipo shamineyo muziipukuta mwaye, muziyang'ananso ngati sinabowoke kapena mbalame sizinamangemo chisa. Ngakhale zili choncho, siyani mpata woti mphepo izilowa. Mukakhala pafupi ndi moto n'kumva mutu kuwawa, mseru kapena tulo tosadziwika bwino, musati ndigone kaye pang'ono. Tulukani panja, mutulutsenso ana ndi okalamba, chifukwa iwo ndi amene amayamba kufooka ndipo sanena.

Ndipo mukamasankha poika fogau, yambani mwafunsa kuti m'nyumba mwanu amene amazizidwa kwambiri ndani. Muiike kumene kuli iyeyo.

Kwa amayi anzanga ndili ndi mawu enanso. Ine ndinkaganiza kuti kukhala chete ndiko kusunga banja. Ndinaona atate akunyozedwa, ndipo m'malo moitana ankhoswe kapena kuwatenga n'kubwerera nawo kwathu, ndinkafunafuna njira zobisika zowathandizira popanda kukwiyitsa mwamuna. Njira yomaliza mwa njira zimenezo inali mbaula. Banja limene ndinkaliteteza linatha ndithu, ndipo munthu amene anakiya chipinda chofunda lero amakhala kutsogolo m'tchalitchi, anthu akumupatsa moni ndi manja awiri. Ngati kholo lanu likugona malo amene inu simungagone, lankhulani lero, mokweza, anthu amve. Adzakunenani kuti ndinu mkazi wamwano. Lolani akuneneni. Dzina limenelo ndi lopepuka kwambiri poyerekeza ndi limene ndikuyenda nalo ine.